Womanga M'nyumba Muno Ndani?

Alamu anga ndi mmisiri womanga nyumba. Anzawo amawatchula kuti a Konkire, ati chifukwa cha chifuwa chawo. Ine ndimati n'chifukwa cha mutu. Sindiwafuna, ndipo sindibisa.

Anayamba ndi kuponda matope, kenako kututira amisiri njerwa, mpaka anayamba kumanga okha. Atakwatira mng'ono wanga analowa m'chipinda chalendi, tebulo pakati, mpando wabwino umodzi. Wokhalapo musachite kufunsa.

Tsoka linabwera tsiku limene anaperekeza mkazi wawo kusikelo ya mwana. Anamwino ankaphunzitsa kuti zakudya zina n'zopatsa mphamvu, monga mpunga, buledi ndi mbatata, pomwe zina n'zomanga thupi, monga mazira, nyemba, nsomba ndi mkaka. A Konkire anatolapo liwu limodzi basi.

"Womanga m'nyumba muno ndani?" anafunsa atafika kunyumba. "Mwanayu ntchito yake n'kuthamangathamanga. Uzim'patsa zamphamvuzo."

Mng'ono wanga ankayesa nthabwala. Ayi ndithu! Mazira, nsomba, mkaka, zonse zinkathera kumpando uja. Kamtsikanako mpunga wa msuzi, tiyi ndi buledi, tsiku ndi tsiku. Mayi wake akam'patsa dzira mobisa, bambo ankakafufuza makoko kudzala, usiku wake mkazi osagona ndi zonyoza.

Mwana atayamba kutupa masaya ndi mapazi, munthu wamkulu uja kunyada. "Mwaona, alamu? Wanenepatu!" anandiuza nditapita kukawaona.

"Kunenepa kwanji tsitsi litafiira chonchi? Manyazi mulibe, alamu?"

"Za m'banja mwanga zisiyeni. Kwanu kulibe zochita?"

Ndinangom'bereka mwanayo, osatsanzika. Kuchipatala anamwino anadinikiza chala paphazi lake, chala n'kuchoka, dzenje n'kutsala. Anati mpunga umam'yendetsa mwana, koma minofu ndi magazi zimafuna zomanga zija, ndipo mwana amazifuna kwambiri poti akukula. Anam'goneka pompo. A Konkire anabwera kudzazonda atanyamula chakumwa chotsekemera, abale inu, ati awonjezere mphamvu. Ndinatuluka panja kuopa kuchimwa.

Pano mwanayo ndikukhala naye ine, ndipo kutupa kunaphwa. Dzulo ndinam'wiritsira dzira, n'kusenda, n'kumuikira m'dzanja. Sanadye. Analifumbata, n'kuyang'ana kukhomo, kenako anandinong'oneza.

"Amayi aakulu, ababa akhuta?"