Amayi Anatsala ndi Mtembo

Nyumba yathu ya ku Emmasdale inali pafupi ndi njanji, moti sitima ikamadutsa makapu ankagundana m'kabati. Tinazolowera. Nthawi zina sitima zokoka mathanki opita kumigodi zinkaima kuseri kwa mpanda wathu, ife n'kumayanika zovala pomwepo, osafunsa n'komwe kuti m'mathankimo muli chiyani.

Tsiku limenelo kwathu kunali maliro. Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, anamwalira m'mawa. Awiriwa anachokera limodzi ku Malawi ali atsikana, ndipo kuno analibe m'bale wina. Ife Asilamu sitigoneka maliro, choncho bambo ndi amuna ena anapita kukakumba manda kuti tiike dzuwa lisanalowe. Tinatulutsa mipando yonse, tinayala mphasa, anthu n'kukhala pansi monga zimakhalira pamaliro. Kuchipinda, amayi ndi azimayi awiri a kumzikiti anali atasambitsa thupi, akulikulunga mu sanda, nsalu yoyera ija.

Ine ndinali panja ndikutsuka makapu pamene fungo linandipeza. Linali ngati la mankhwala oyeretsera zovala, koma lolasa m'mphuno mpaka kukhosi. Misozi inayamba kutuluka yokha. Nditasuzumira pampanda ndinaona nkhungu yachikasu ikutsika pa thanki imodzi, ikukwawa pansi pang'onopang'ono, ikulowa m'ngalande yopita kumakomo kwathu. Posakhalitsa apolisi anafika ndi chimkuzamawu.

"Chokani bonse! Siyani katundu, iyi gasi ipaya! Kwelani mu lole manje manje!"

Anthu amene ankalira ngati atsagana ndi malemu kumanda anatuluka ali liwiro, ena opanda nsapato. Sindikuwanena, inenso miyendo inali itanyamuka kale. Ndinatembenuka kuti ndikatenge amayi, koma mayi wina woyandikana nafe, wa mpingo wa Sabata, anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Tiye iwe! Ba mami bako bali kumbuyo, babwela na lole inangu."

Anatitsitsa pabwalo la sukulu ina cha ku Kaunda Square. Lole iliyonse ikafika ndinkathamangira kukayang'ana otsika. Ana akutsokomola, agogo atanyamulidwa kumsana, wina atakumbatira wailesi ngati khanda. Pomaliza anatsika azimayi awiri a kumzikiti aja, ndipo mmodzi atandiona anayang'ana kumbali.

"Amayi ali kuti?"

"Anakana, mwanawe. Akuti mkulu wawo sangatsale yekha. Titatuluka anakhoma chitseko, apolisi atagogoda iwo anangoti chete."

Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Bambo anamva nkhaniyo ali kumanda. Anathamanga ndi dothi lawo m'thalauza, koma anawaimitsa pamsewu pamene apolisi anamangapo chingwe. Anachita kugwada kuti awamvere. Dzuwa litapendeka, anthu ovala zophimba nkhope anakathyola chitseko. Anawapeza amayi atakhala pamphasa pambali pa mtembo, dzanja lili pa sanda, kumaso ataphimba ndi nsalu yonyowa imene anasambitsira mkulu wawo. Ankapuma ngati mpope wa njinga wobooka.

Kuchipatala namwino anandiuza mawu amene sanandichoke mpaka lero. Anati mpweya umenewo ndi wolemera, umadikha pansi ngati madzi, ndipo amayi akanakwera pampando kapena patebulo bwenzi zinthu zili bwinoko. Koma mipando inali panja. Ndipo ngakhale ikanakhalamo, ndani amakhala pampando pamaliro a mkulu wake?

Amayi aakulu tinawaika mawa lake. Amayi anga anachira, ngati kumeneko n'kuchira. Anabwera kunyumba ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Kusesa pakhonde pokha ankapumira kawiri. Mtengo wathu wa mango unayoyola masamba onse, udzu wa kumpanda unapsa ngati wathiridwa madzi otentha, koma izo zinaphukanso mvula itagwa.

Chimene chinkandipsetsa mtima ndi anthu obwera kudzawazonda. Omwe aja anathawa opanda nsapato ndiwo ankati, "Ba mayo aba ni bolimba, mtima wa so siupezeka." Tsiku lina ndikuwasisita msana ndinalephera kudzigwira.

"Amayi, wakufa samva kuwawa. Nanga ife amoyo munatiganizira?"

Anatsokomola nthawi yaitali asanayankhe.

"Tikuwoloka malire, mkulu wangayo anandigwira dzanja osalisiya mpaka tinafika kuno. Ndikanamusiyira ntchentche?"

Sindinakhutire, ndipo ndinawauza kuti sindinakhutire. Zaka zonse zotsatira nkhaniyi tinkaikanganirana. Ndinakwatiwa n'kusamukira ku Chelstone, kutali ndi njanji. M'nyumba mwanga simulowa mankhwala oyeretsera zovala. Ndikangomva fungo lake mu shopu, ndimasiya dengu pomwepo n'kutuluka. Bambo anakana kusamuka, amayinso chimodzimodzi, ndipo mathanki aja anapitiriza kuima kuseri kwa mpanda.

Chifuwa chomwecho ndicho chinawatenga amayi, m'nyumba yomweyo. Tinatulutsanso mipando, tinayalanso mphasa. Titamaliza kuwasambitsa, azimayi anatuluka kukaona ngati jeneza lonyamulira mtembo lafika, ine n'kutsala nawo ndekha m'chipindamo.

Pamenepo makapu anayamba kugundana m'kabati. Sitima inabwera pang'onopang'ono, mabuleki akulira, n'kuima kuseri kwa mpanda. Kenako ndinamva mpweya ukufwenthera penapake. Pabalaza kulira kunaleka. Ndinamva anthu akudzuka, akufufuza nsapato, wina n'kundiitana kuti nditulukeko kaye. Ana anga awiri anali pabwalo, ndinkawamva mawu awo. Ndinanunkhiza, ndinanunkhizanso. Ndinadziuza kuti dzuka, ana ako ali panja. Dzanja langa linali pa sanda, ndipo silinasunthe.

Sikunali kanthu. Anali mabuleki chabe, ndipo sitimayo inanyamuka n'kumapita. Anthu anabwerera pamphasa mwamanyazi, kulira kunayambiranso. Mwana wanga wamkazi analowa nadzakhala pambali panga, pansi, n'kundigwira mkono.

"Mami, munali kuopa?"

Ndinati inde. Sindinamuuze chimene chinandiopsa. Ndinangomuuza kuti adzuke pansipo, akaime panja ndi anzake.