Deki ya a Lucious ku Lawrence

A Lucious Kamwendo amagwira ntchito yokankha odwala pachipatala china ku Indianapolis, kuwachotsa kuwodi kupita nawo kojambulitsa kapena ku opaleshoni. Odwala amawakonda chifukwa pakamwa pawo sipatsekeka. Ine ndinawadziwira kutchalitchi, kumene amaimba besi mokweza kuposa kwaya yonse.

Iwo ndi akazi awo, a Vainess, atagula nyumba ku Lawrence, dandaulo lawo loyamba linali lakuti nyumbayo inalibe khonde. Ukatsegula chitseko chakuseri unkangoona masitepe a simenti, kenako kapinga. A Lucious ankati munthu wokulira ku Chilomoni sangamachezere alendo m'nyumba ngati onse agonekedwa m'chipatala. Choncho chilimwe china anagula matabwa omangira deki, khonde lokwera la kuno, n'kuitana mnzawo wakalekale, a Dixon, kuchokera ku South Bend.

A Dixon atafika, asanatsitse n'komwe zida m'galimoto, anafunsa ngati pemiti, chilolezo chomangira, ilipo. A Lucious anaseka. Anati nyumba ndi yawo, kapinga ndi wawo, ndiye akapemphe kwa ndani malo okhalapo panja? Koma a Dixon anakanitsitsa kugwira fosholo. Anati pansipo pakhoza kudutsa paipi ya gasi, ndiponso kwawo anaonapo munthu akuphwasula yekha deki yatsopano atalamulidwa ndi a mzinda. Anakangana mpaka mpunga unazizira, ndipo a Dixon anabwerera osakhoma msomali ngakhale umodzi.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi a Vainess. Anangonena mofatsa kuti: "Mangani mmene mukufunira, bambo. Koma Melissa sadzapondapo."

Melissa ndi mdzukulu wawo, ndipo nthawi imeneyo anali atangoyamba kuyenda. Lolemba lotsatira a Lucious anapita kukaaplaya.

Kuofesi anawauza kuti abweretse chojambula chosonyeza kukula kwa deki, malo a mizati, ndi mmene adzailumikizire kukhoma. Anajambula patebulo la kukhitchini, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu. Chojambulacho chinabwezedwa chifukwa sanalembe kutalika kwa malo ochokera padekipo kufika m'malire ndi aneba. Sabata imeneyo m'kwaya aliyense anamva za nkhanza za Amereka. Komabe anakonza, pemiti inatuluka, ndipo anaimba foni ku 811 kuti anthu abwere kudzazika timbendera posonyeza modutsa mapaipi ndi mawaya.

Maenje a mizati anawazunza. Lamulo linkafuna kuti akhale akuya kupitirira pamene nthaka imaumira ndi chisanu, apo ayi mizati imadzanyamuka m'nyengo yozizira. Dothi lake linali la makande, ndipo m'manja mwawo munatuluka matuza. Insipekita amene anabwera asanathire konkire anali mayi wosalankhula zambiri. Analowetsa tepi m'dzenje lililonse, n'kunena kuti ena mwa maenjewo akumbidwenso. Kufeilako a Lucious sikunawapweteke kwenikweni. Chinawawawa n'chakuti mayiyo anakana tiyi ndi mandasi amene anamukonzera. Madzulo anafunsa akazi awo kuti kodi mlendo wotani amene amaona m'maenje mwako koma osalawa kanthu pakhomo pako.

A Dixon anabweranso, ndipo ulendo uno anagwira ntchito limodzi, akunyozana ngati kale. Atafika pokhoma kampanda kozungulira deki, a Lucious anafuna kutalikitsa mipata ya timatabwa kuti asawononge zambiri. A Dixon anawakumbutsa kuti mpata uliwonse usafike mainchesi anayi. Ali mkati motsutsana, Melissa anatulukira pakhomo, napita molunjika pamene anali atakhoma kale, n'kuyamba kukanikiza mutu wake pampata kuti aone galu wa aneba. Mutuwo sunalowe. A Lucious anamuyang'ana mwanayo kwa kanthawi, kenako anatola tepi n'kuyamba kuyeza okha mpata uliwonse.

Deki inapasa kwa insipekita chakumapeto kwa Seputembala, masamba atayamba kufiira. Tinakaikhalira titavala majekete, ndipo eni ake anakana kuti wina aliyense alowe m'nyumba mpaka nyama itatha.

Kuyambira pamenepo a Lucious anasanduka vuto kwa ife tonse amene tili ndi nyumba. Akafika pakhomo pako, moni asanathe, agwedeza kampanda ka pamasitepe n'kukufunsa amene anakhoma. A Vainess amawachenjeza asanatsike m'galimoto, koma sizithandiza. Mwezi wathawu tinali ku South Bend ku ubatizo wa mwana wa Atupele, mphwake wa a Dixon. Nthawi yojambulitsa itakwana, a Lucious sanaoneke. Tinakawapeza kuseri, atagona chagada kunsi kwa deki ya a Dixon ndi suti yawo ya kutchalitchi, akuunika mabawuti ndi foni.

"Awiri achita dzimbiri, achimwene," anatero ali konko. "Ndibwera Loweruka."