Njere ya mtedza imene inasowa m'chipanda

Ndikukumbukira mudzi wathu wa kwa Nyachikadza usanakule, nthawi imene anthu onse a m'mudzimo ankakwana m'chipanda chimodzi. Sindikuseka ayi. Amalume anga a Alufandika, eni ake a bwato lalikulu la m'mudzi, ankasunga chipanda cha mtedza, ndipo njere iliyonse inali munthu. Mwana akatuluka m'chikuta, amalume ankaponyamo njere. Munthu akamwalira, akapita ku Halale kukagwira ntchito, kapena akakwatiwa kutali, ankachotsamo imodzi. Panalibe wodziwa kulemba pakati pathu, koma chipandacho sichinkanama.

Tinali ochepa, ndipo akazi ndi ana ndiwo ankachuluka, poti amuna ambiri anali kuulendo. Nyumba zathu zinali za bango, zomata ndi dothi lakuda la m'dambo. Tinkadya mapira, mbatata za kudimba, milamba yowamba, ndipo njala ikalowa tinkakumba nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'matope. Udzudzu unkatidya mofanana tonse, osasankha wamkulu kapena mwana.

Chaka chilichonse Shire akadzaza, tinkasamukira kumtunda. Akuluakulu ankadandaula, koma kwa ife ana chinali chikondwerero. Nkhuku zomangidwa miyendo zinkalira m'madengu, mbuzi zinkakana kukwera bwato, mphasa ndi mitondo zili mbwee pagombe, ife tikuthamangitsana m'madzi ofunda ofika m'maondo. Amalume ankaima pambali pa bwato ndi zipanda ziwiri. Munthu akakwera, ankachotsa njere m'chipanda chodzaza n'kuiponya m'chinzake. Choyambacho chikatha, ndiye kuti m'mudzi simunatsale munthu.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndisanayambe kupalasa bwato. Tinadzuka osadya kanthu. Pa ulendo wachitatu bwato linayamba kulowa madzi, ndipo amalume anandigwiritsa zipanda zija kuti akape madziwo. Ndinagwedeza choyamba chija, chinalira bwino. Fungo la mtedza wouma linandilowa m'mphuno. Ndinati njere imodzi yokha angaidziwe ndani? Ndinaitafuna msangamsanga, ndipo kunena zoona, sindinadyeponso mtedza wokoma ngati umenewo.

Dzuwa litapendeka chipanda chinatha. Amalume anachizondotsa pamaso pa anthu, osagwa kanthu, ndipo tinanyamuka ulendo womaliza azimayi akuimba.

M'mawa mwake, misasa itamangidwa, atsikana anafuna gule monga mwa chizolowezi chathu tikafika kumtunda. Ulimba unalipo, unabwera pa ulendo woyamba. Woimba wake ndiye kunalibe. A Jofilisi, bambo wamasiye amene ankakhala okha kumapeto kwa mudzi, sanaoneke pamsasa uliwonse. Aliyense ankayesa kuti anakwera ulendo wina. Ine ndinakumbukira njere ija.

Amalume anakankha bwato, ine n'kulumphiramo ndi chikho chokapira madzi. Njira yonse ndinkangoona ng'ona pachitsa chilichonse choyandama. Titafika pamene panali mudzi, madzi anali atafika m'makhonde, koma patsogolo pathu pankafuka utsi. A Jofilisi anali atakhala pamwamba pa tsanja loyanikira mapira, moto uli m'phale, akuwotcha nkhuku. Dzulo lake anali atapita kukagema uchema, mowa wa mgwalangwa, n'kugona pansi pa mgwalangwa mpaka madzi anawanyowetsa mapazi.

"Alufandika, mwafulumiriranji?" anakuwa motero. "Nkhukuyi sinapse!"

"Nkhuku ya yani imeneyo, achimwene?"

"Ya madzi. Mwini wake anaisiya, ine ndaipulumutsa."

Amalume anaseka mpaka anakhala pansi m'bwato, misozi ili m'masaya. Tinaidya nkhukuyo tonse atatu tisananyamuke. Kumtunda anatilandira ndi nthungululu, ndipo a Jofilisi anauimba ulimba tsiku lonse, fumbi likuti koboo, azimayi akuwanyoza kuti ngakhale ng'ona inawakana chifukwa cha fungo la uchema.

Gule atatha, akulu anakhala pansi n'kufunsana kuti munthu anatsala bwanji chipanda chitatha. Anagwirizana kuti maso a amalume ayamba kukalamba, mwina anaponya njere ziwiri pa munthu mmodzi. Anawalanda zipanda zija n'kuzipereka kwa munthu wina. Amalume anali atazisunga kuyambira amayi anga ali mtsikana. Sanatsutse. Ine ndinali pomwepo, pakamwa pali gwa.

Pobwerera kumsasa amalume anapisa m'thumba, natulutsa mtedza wodzaza dzanja n'kundipatsa.

"Idya uwu, mphwanga," anatero. "Uwu si anthu."

Sanadzainenenso nkhaniyo mpaka tsiku limene njere yawo inachotsedwa m'chipanda. Ana a m'mudzi anakula akuwatchula kuti aja anaiwala munthu, iwo n'kumangoseka nawo limodzi.

Lero mudzi uja sungakwane ngakhale m'thumba la mtedza. Ana a ana athu achuluka, ena ali kuminda ya nzimbe, ena akupalasa kabaza ku Ngabu, ndipo ambiri sindiwadziwa mayina. Madzi nawo asintha, akubwera mwaukali, osapereka mpata woimba nyimbo. Tikathawira kusukulu, amabwera achinyamata ndi mapepala ndi mafoni kudzatiwerenga, ndipo amafunsa dzina kawirikawiri. Ndimawayankha mosatopa, chifukwa ndikudziwa chimene chimachitika njere imodzi ikasowa.

Ine ndinalowa sukulu ya kwacha imvi zitayamba kale, ndinkakhala pabenchi limodzi ndi azimayi a msinkhu wa ana anga. Aphunzitsi atandifunsa chimene ndikufunira kulemba paukalamba wotere, ndinati ndikufuna kusaina dzina. Ndinanama. Ndinkafuna kulemba mawu awa, kuti adzukulu a Alufandika awawerenge okha: maso a agogo anu ankaona bwino, ndipo sanaiwale munthu. Njere ija ndinadya ndine.