Khomo Lachiwiri la mu Laputopu

Ndikuyatsa laputopu yanga. Pagalasi lakuda lija, pomwe ndimasankha pulogalamu yoyendetsera kompyuta, pamayenera kubwera mizere iwiri, wa yatsopano ndi wa yakale. Pali umodzi wokha. Yakale ija, momwe muli zithunzi zonse za chinkhoswe cha mlongo wanga, yasowa.

Galasi likukula mpaka lasanduka khoma la nyumba, mzere wotsala uja wasanduka khomo. Alamu anga, amene anandiikira yatsopanoyo, aima pamenepo, manja ali simenti yokhayokha.

"Alamu, khomo lina lija lapita kuti?"

"Ndangolimata, alamu. Zonse zili momwemo, sindinataye kanthu."

Ndikugunditsa khutu kukhoma ndipo ndikumva amayi akuimba nthungululu mkati. Ndikubaya fulashi pakhomapo kuti ndiuze kompyuta ifufuzenso, koma mabatani asanduka mtedza, lililonse ndikalidina likusweka. Ndikulemba uku ndikutafuna. Simenti ikuyoyoka, mzere wachiwiri ukumera pang'onopang'ono ngati chimanga. Ndaudina.

Mlongo wanga akutuluka atakumbatira tambala wa pachinkhoswe.

"Mwachedwatu, achimwene. Anthu a m'zithunzi atopa kuimirira."

Ndadzuka ndikuseka ndekha, chala chikudinabe pilo.