Anandifufutira Mawu a Malemu Bambo Anga

Inu owerenga, ndikulemba izi mtima ukadali wowawa, ndipo sindibisa kuti munthu amene ndimutchule pano sindinamukhululukire. Kulakwa kwanga kunali kupereka laputopu yanga m'manja mwa mwamuna amene ankafuna kundikwatira, chifukwa choopa kuti ndikakana aziti ndine mkazi wamwano. Laputopuyo ndinailanditsa ndipo ikugwira ntchito mpaka lero, koma chimene chinali m'katimo sichidzabweranso.

Ine ndinabadwira pa esiteti ya fodya kufupi ndi ku Malingunde. Bambo anga anali tenanti. Anachoka kwawo ku Phalombe ali mnyamata ndipo sanabwererekonso. Mayi anatisiya tili aang'ono, choncho tinakula awiri, ine ndi achimwene anga amene pambuyo pake anapita ku Joni kukagwira ntchito. Nditamaliza kosi yotayipa, achimwenewo atabwera kutchuthi anandigulira laputopu ndi pulinta m'sitolo ina mu Lilongwe. Apo n'kuti matipate atangokhazikika, mabungwe akuphuka ngati bowa, aliyense akufuna kalata yotayipa. Ndinachita lendi kachipinda kamagetsi pa Mitundu n'kuyamba geni yanga.

Tsiku logulalo mwini sitolo anatipatsa pepala la galanti, lolonjeza kuti laputopuyo ikavuta chaka chisanathe adzatikonzera ulere. Anaitembenuza n'kundionetsa kapepala kamene anamata pa sikuluwu ya pansi pake. Anati kapepalako kakangong'ambika ndiye kuti wina watsegula, ndipo galanti yathera pomwepo. Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sanandiuze.

Chaka chomwecho bambo anadwala chifuwa, ndinawatenga n'kumakhala nawo. Laputopu ija inkatha kujambula mawu, ndiye masana kukakhala kopanda makasitomala ndinkawayatsira kuti azilankhula. Atadzimva koyamba anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Kodi ndimalankhula chikalambakalamba chonchi?" Anafotokoza za ubwana wawo, anaimba nyimbo za Chilomwe zimene ana awofe sitinkazimva n'komwe tanthauzo lake, ndipo tsiku lina anandiuza kuti ndituluke kaye panja, ali ndi mawu oti asiyire mwana wawo wa ku Joni. Mawu amenewo sindinawamvere, ndinkaona kuti si anga. Bambo anamwalira mvula itangoyamba kuchepa. Achimwene analephera kubwera kumaliro chifukwa cha mapepala, koma ndinawalonjeza pa foni kuti akadzabwera pa Khirisimasi adzawamva bambo akulankhula nawo.

Tsono munthu uja dzina lake ndi Lameki. Ulemu woti "a Lameki" ndinamuvula kale. Anali kalaliki pa sitolo ya feteleza, wa kubanja la eni nthaka pomwepo, wovala bwino, wodziwa chilichonse pakamwa. Anali atandipatsa chikole, ankhoswe atakumana kale, tikungodikira chinkhoswe. Tsiku lina anabwera ndi sidi imene anabwereka kwa mnzake. Anati m'menemo muli pulogalamu yatsopano yoyendetsa kompyuta yonse, yanga ndi yachikale, akandiikira makinawo azithamanga ngati a kubanki. Ndinakana, ndinamuuza za galanti komanso kuti m'menemo muli bambo anga. Anakwiya, nati ngati sindingamukhulupirire pa kachitsulo, nanga pabanja ndidzamukhulupirira bwanji? Anasiya kubwera kwathu. Azakhali anga anandidzudzula kuti ndithawitsa mwamuna wabwino chifukwa cha kuuma mutu. Loweruka lina ndikupita ku ukwati wa mnzanga ku Nkhoma, ndinamupatsa laputopuyo.

Zimene anachita ndinazidziwa pambuyo pake. Anayamba kuika pulogalamuyo magetsi atazima, kudalira batire. Batire inatha ntchito ili pakati. Magetsi atayaka, laputopu inangoonetsa mdima ndi timawu tachingerezi, osapitirira pamenepo. M'malo mondiuza, ankangoti ikumalizitsa, ndidekhe. Makasitomala ankabwerera pakhomo, aphunzitsi amene ndinawalonjeza mayeso awo anandinena mpaka ndinasowa poyang'ana. Amene anaulula ndi mlongo wake. Tinakumana pamsika, ndipo poganiza kuti ndikudziwa kale anandifunsa ngati makina aja abwerako ku Nathenje.

M'mawa mwake ndinatenga pepala la galanti, kukwera minibasi ya m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Nathenje. Nditafunsafunsa anandilozera bambo wina wokonza mawailesi ndi mawotchi pakhonde la golosale. Inu owerenga, ndinaipeza laputopu yanga ili chagada ngati nkhuku yotumbula, masikuluwu ali m'chitsekerero cha botolo, fumbi la mumsewu likulowa momasuka. Kapepala kaja kanali katang'ambika pakati.

Bamboyo anakana kundipatsa. Anati mwini wake ndi bwana amene anabwera nayo, ndipo iye sapereka katundu wa anthu kwa mkazi aliyense wongotulukira. Lameki anali atamuuza kuti ndi yake! Ndinakuwa mpaka anthu ogulitsa tomato ndi oitanira minibasi anatizungulira. Ena ankandinena kuti ndine mkazi wolongolola, ndipite ndikakambirane ndi amuna anga kunyumba. Ndinatulutsa pepala lija, dzina langa lili pamenepo, n'kumuuza kuti tiyeni tonse kupolisi. Atamva za polisi anafewa. Apo m'pamene anaulula kuti iye atailephera anachotsa kabokosi kosungira zinthu, kamene amati hadi disiki, n'kupita nako kwa mnzake wa m'tauni amene anafufuta zonse n'kuikamo zatsopano. Ndinamufunsa kuti anamulola ndani. Anati, "Bwana aja, mayi. Ndinawafunsa ndithu. Anati mulibe kanthu, muli timakalata ndi nyimbo za achikulire basi."

Ndinakulunga zidutswazo m'chitenje n'kupita nazo kusitolo kuja. Mwini sitolo anangoyang'ana kapepala kong'ambikako n'kupukusa mutu. Ndinachonderera, ndinalira, koma anati lamulo ndi lamulo, anandichenjeza yekha ndi pakamwa pake. Ndinamutukwanira mumtima, komabe ndinkadziwa kuti iye sanalakwe. Wokonza makompyuta wa pasitolopo ndiye anandimaliza. Anati pulogalamu ikafera panjira si vuto lalikulu, zinthu zimakhala zili momwemo, ndipo ikanabwera tsiku lomwelo osatsegulidwa akanaidzutsa ulere popanda kutaya kalikonse. Anayesa kufufuza ngati panatsalako kanthu, koma zatsopano zija zinali zitalembedwa pamwamba pa zakale. Sanapeze ngakhale chitsokomolo cha bambo. Anaibwezeretsa bwinobwino, anasintha kachingwe kamene wa mawailesi uja anadula, ndipo zonsezo ndinalipira ndekha.

Nditabwerera ku Mitundu ndinaitanitsa ankhoswe. Ndinkayembekezera kuti mwina munthuyo agwada, apepese. Iye anakhala pampando atapiringiza miyendo, nati ankafuna kundithandiza, ndipo kompyuta ndi choncho, imafa. Nditamufunsa chifukwa chimene analolera kuti afufute, anayankha pamaso pa akuluakulu onse kuti, "Nanga nyimbo za tenanti n'zothetsera ukwati? Munthu akafa wafa." Malume ake anazolika. Azakhali anga, omwe aja ankati ndi mwamuna wabwino, anadzuka n'kutuluka panja. Ine ndinalowa kuchipinda, ndinatenga chikole chake n'kumuikira pamiyendo. Ankhoswe a kwawo anayesa kunena kuti ndi kuphonya kwa lilime chabe, koma ine ndinali nditamva kale mmene banja limenelo linkationera.

Chowawa kwambiri chinadza pa Khirisimasi. Achimwene atangotsika minibasi tinapita kumanda, ndipo titabwerako, asanamwe n'komwe madzi, anati ndiwayatsire amve bambo. Ndinawafotokozera zonse. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangondifunsa ngati ndikudziwa zimene bambo ananena. Ndinati ayi, ndinali panja. Kenaka anavula nsapato n'kukagona chafufumimba pamphasa imene bambo ankagonapo. Iwowa anachoka kupita ku Joni atayambana ndi bambo, ndipo mpaka lero sakudziwa ngati mawu aja anali owakhululukira kapena ayi.

Lameki sanachedwe kupeza wina. Ndipo onani kupanda manyazi kwa munthu: anatuma alamu ake atsopano kuti ndiwatayipire makadi a ukwati, poti pa Mitundu wotayipa ndi kompyuta ndinali ndekha. Ndinawalandira mwaulemu, ndinawapatsa mpando, ndinawauza kuti apite kwina.

Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga, chinthu chikakhala ndi galanti chikavuta, thamangirani nacho kumene munagula, musalole aliyense kuchikhudza ndi sikuludiraiva, kaya ndi mbale wanu kaya ndi bwenzi lanu. Chimene chikuyenda bwino musachisinthe chifukwa choti wina wabwera ndi sidi yobwereka. Ngati m'makina mwanu muli chinthu chimene simungachipezenso, chisungeni pawiri lero lomwe. Ine ndikanangoika wailesi ya kaseti pafupi n'kujambula, bwenzi achimwene atamva bambo awo. Ndinkati ndichita mawa. Ndipo mwamuna amene amati kukana kwanu n'kusamukonda, amene amawononga chanu n'kubisa, muthaweni chinkhoswe chisanachitike, chifukwa chimene akuchita ndi katundu wanu adzachitanso ndi inu.

Abusa athu amandiuza kuti ndikhululuke, kuti chidani chimadya mwini wake. Mwina akunena zoona. Koma Lamlungu lililonse ndikamuona munthuyo atakhala kutsogolo m'tchalitchi, akuimba mokweza kuposa wina aliyense, ndimatseka buku langa la nyimbo n'kudikira kuti amalize.