Pabenchi ku Barcelona

Achemwali Esinati, lero kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba ku Oadby kuno kunja, TV ya m'chipinda chochezera inaonetsa mzinda wa Barcelona, ndipo ndinangoima ndi thireyi m'manja. Ndinakumbukira tchuthi chimodzi chokha chimene tinayenda limodzi. Tinafika pa tchalitchi chachikulu chija chimene akhala akumanga kwa zaka zoposa zana, zimakina zikadali pamwamba. Anthu ankajambula zithunzi, inu munakhala pabenchi n'kuvula nsapato, mapazi atatupa ndi mashifiti. Munayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako munati, "Mwaona, mayi a Tadala? Azungu nawonso zimawakanika. Abale asamandiseke ndi kanyumba kanga ka ku Lunzu kopanda denga." Tinaseka mpaka misozi. M'katimo sitinalowe. Tinatsikira kudoko kukaona sitima zikuluzikulu, inu n'kugona tulo mutatsamira phewa langa.

Munkati mukafolera nyumbayo musiya ntchito n'kubwerera kumudzi, koma matenda sanakudikireni, munatisiya. Ine ndatopa, achemwali. Msana ukupweteka, ndipo basi yobwerera kunyumba ku Highfields ndimakwera ndekha masiku ano. Leronso sanandipatse mpata wolira, belu la agogo ena linaitana, ndinapita kukawasambitsa. Inu pumulani. Ife mawa tilawiriranso.