Chuku cha M'kamwa mwa Mwana Wanga

Mwana wathu woyamba anabadwira kwathu ku Nsaru, m'zaka za nkhondo ija inatenga anyamata ambiri. Amuna anga anali mkamwini pamudzi pathu, munthu wofatsa, wodziwa khasu ndi nyimbo za kutchalitchi basi.

Mwana akadali wakhanda, iwo anapita kukagulitsa fodya ku Kasiya, nagona komweko. Atangobwera, mwana anayamba kukana bere. M'kamwa mwake munayera mbuu, lilime ndi masaya omwe, ngati mkaka wotsalira. Amayi anga anapukuta ndi kansalu, koma pansi pake panatuluka magazi. Nanenso nsonga za mabere zinkandiotcha ngati moto.

Amayi sanachedwe kutchula dzina la matendawo. Anati ndi tsempho. Kwathu amati bambo akayenda ndi mkazi wina mwana akadali wakhanda, mwanayo amadwala. Anaitana atsibweni anga, ndipo amuna anga anakhazikidwa pansi pa mtengo wa mango.

"Akamwini, ku Kasiya mumakagulitsa fodya yekha kodi?" anafunsa atsibweni. "Ululani timupezere mankhwala mwanayu. Mukakana, nyamulani khasu lanu muzipita kwanu."

"Atsibweni, ndikavomera tchimo limene sindinachite, ndiye kuti ndanamiza Mulungu," anayankha motero, maso ali pansi.

"Mulungu wake ameneyo ndi amene ayamwitse mwana, eti?" anatero amayi.

Ine mtima unagawikana. Mwana ankafooka ndikuona, liwombo litalowa. Ndinalakalaka amuna anga akanangovomera, ngakhale monama. Koma ndinakumbukira munthu wa m'Baibulo uja anabadwa wosaona, anthu namafunsa kuti anachimwa ndani. Ndinabereka mwana kupita kuchipatala cha mishoni, amuna anga akutsatira m'mbuyo, mphasa yawo ataimanga kale n'kuisiya pakhonde.

Namwino wake anali mayi wa ku Kabudula. Atayang'ana m'kamwa mwa mwana anati, "Ichi n'chuku, amayi, m'bale wake wa chija chimamera pa ufa wonyowa ndi chija chimasasitsa thobwa. Chimakhala mwa tonsefe, m'kamwa, m'mimba, pakhungu, koma sichivuta. Chimangochuluka chikapeza thupi lanthete. Inu ndi mwana mukungopatsirana pabere."

"Nanga abambo ake?" ndinafunsa monong'ona.

"Abambo ake amayamwitsa kodi?"

Namwinoyo anatipaka tonse awiri, ine ndi mwana, mankhwala a chibakuwa, mtundu wa chovala chija anaveka Ambuye powanyoza. Ndinabwerera kumudzi ndikusinkhasinkha. Ndinkadziyesa kuti m'thupi langa ndili ndekha, chonsecho Mlengi anaikamo tamoyo tina tosaoneka, ngati chotupitsa chimene mkazi anabisa mu ufa m'fanizo la Ambuye. Iye amatidziwa tonse, ife ndi ito tomwe.

Amayi ataona kamwa la mdzukulu wawo lili bii, analira kuti tamudyetsa zoipa. Atsibweni anati adikira aone. Masiku amenewo amuna anga ankapita kumunda osadya, pakuti palibe amene ankawaitana.

Tsiku lina masana, ndili pakhonde, mwana anagwira bere nayamwa mpaka kugona. Amayi anaima n'kumangoyang'ana. Sanapepese, pakuti sanali munthu wopepesa. Analowa m'nyumba, natunga thobwa m'chipanda n'kundipatsa.

"Kawapatse akamwini kumundako," anatero. "Ndipo mphasa iyi ichoke pakhondepa, ikudyedwa ndi chiswe."